Sayansi yandichoka mumtima ndili chaka chachitatu, ndisiye?

Funso

Mayi, ndine mtsikana wa zaka 22. Kwathu ndi ku Dowa koma ndikuphunzira pa yunivesite ina muno mu Mzuzu, kozi ya biology ndi chemistry, ndipo kwanditsalira masemesita atatu. Ku sekondale sayansi ndinkaikonda kwambiri, mpaka kumudzi anayamba kunditchula kuti adokotala. Pano ndikalowa mu labu ndimangoona kuchedwa kutuluka, ndipo ndimawerenga pongoopa kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso. Chimene chimandikomera ndi kaganyu kamene ndimagwira Loweruka pa shopu ya hardware ya mayi ena ku Luwinga, komwe ndimawalembera mabuku a ndalama. Mtima ukufuna ndisiye sayansi ndiyambe za akaunti. Koma ndili ndi ngongole ya Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za sukulu kwa ophunzira a m'mayunivesite, komanso bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndifike pamene ndilipa. Nditani?

Yankho

Mwana wanga, ndikuyankhiretu pachiyambi pomwe kuti mtima ukhale m'malo: usasiye. Tsiriza masemesita atatuwo. Koma za akauntizo usazisungire tsiku lovala gauni ayi, uziyambe chaka chomwe chino uli pasukulu pomwepo. Pali zinthu ziwiri zokha zimene zingandibwezetse mawu amenewa, ndipo ndizitchula kutsogoloku.

Ndinaphunzitsa chemistry ku sekondale zaka 11 ndisanayambe ntchito yolangiza achinyamata za maphunziro ndi ntchito, ndipo amene akhalapo pampando wa mu ofesi mwanga ndi nkhani yonga yakoyi ndi ambiri. Pafupifupi onse amayamba ndi kupepesa, ngati apalamula. Sunapalamule. Tayang'ana m'mene unafikira kuno. Kusukulu zathu mwana akangoonetsa kuti masamu amawatha, aphunzitsi, makolo ndi abusa omwe amamulozera njira imodzi: iwe ndiwe wa sayansi. Fomu yofunsira malo ku yunivesite, ija imadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, unaidzaza uli ndi zaka 18 kapena 19, ntchito zimene unaziona ndi maso zili zowerengeka, udokotala, unesi, uphunzitsi, upolisi. Ndiponso malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi amene amakhoza MSCE, choncho ambiri amalowa khomo limene latseguka, ngakhale si limene anagogoda poyamba. Malaya amene anakusokera uli wamng'ono akayamba kuthina, ndiye kuti wakula.

Koma tisanapite patali, tipeze kaye chimene chafa. Mawu akuti "sayansi yandichoka mumtima" amabisa matenda osiyanasiyana, ndipo mankhwala ake si amodzi.

Kumbukira practical ya titration, ija yodontheza mankhwala ena mwa anzake mpaka mtundu usinthe. Waima pa benchi, dzanja lamanzere lili pa kampopi ka burette, lamanja likuzunguza flask, madontho akugwa limodzilimodzi, madzi ali mbee ngati palibe chikuchitika. Kenako dontho limodzi lokha, madzi onse asanduka apinki osabwereranso. Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ndinkayang'ana nkhope za ana pa nthawi imeneyo. Ena maso ankawala, ankafuna kubwereza kuti aone ngati ingatuluke nambala yomweyo. Ena ankalemba nambala ija bwinobwino, molondola, koma maso ali kukhomo. Ku Fomu 3 iwe unali gulu liti? Ambiri akadzifufuza moona mtima amapeza kuti chimene ankakonda ku sekondale chinali kukhala nambala wani, kuitanidwa kutsogolo pa asembule, kuyamikiridwa ndi mphunzitsi amene ankawakonda. Ku yunivesite zimenezo zimatha, aliyense m'kalasimo anali nambala wani kwawo, ndipo umatsala wekha ndi phunzirolo maso ndi maso. Ngati ndi mmene zilili kwa iwe, chikondicho sichinafe, kungoti sichinaliko chiyambire, ndipo ndi bwino kuti wadziwa msanga.

Koma pena ndi thupi limene latopa. Ndikuidziwa Luwinga ya June ndi July: nkhungu yotseka msewu m'mawa, kamvula kowaza kosaleka, chipinda cha lendi chogona anthu atatu, makala atha, walowa m'kalasi ya m'mamawa m'mimba muli madzi okha. Munthu wotere ngakhale utamuphunzitsa chinthu chokoma chotani sachimva kukoma. Ndipo taona, Loweruka ku shopu kuja umamwa tiyi, pamakhala anthu ocheza nawo, madzulo umatuluka ndi kandalama m'manja. Udzifunse ngati ukukonda mabuku a ndalamawo kapena ukukonda tsiku limene sukhala ndi njala. Enanso chidwi chimawathawa chifukwa cha kozi imodzi imene inawagwetsa, sapu imodzi (mayeso obwereza ukalephera) ya organic chemistry, kapena mphunzitsi mmodzi amene anawanyoza pagulu. Munthu amene sanalepherepo chibadwire akalephera koyamba amati "sindikuzifunanso," chifukwa mawu amenewo amapweteka pang'ono kusiyana ndi kuvomera kuti "zandikanika."

Pali china chimene sindingachilumphe. Ngati si sayansi yokha imene yazizira, ngati kwaya, macheza ndi anzako, chakudya, zonse zasanduka zosakoma kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, tulo sitibwera kapena ukungogona usana wonse, ukudziona wachabechabe, kapena maganizo ofuna kudzipweteka akumakufikira, imeneyo si nkhani ya kozi. Ndi matenda a maganizo aja amati depression, ndipo amachizika. Muno mu Mzuzu tili ndi mwayi, a St John of God amathandiza anthu pa za umoyo wa m'maganizo, ndipo ku Mzuzu Central Hospital nakonso ungayambire. Chimenechi ndicho choyamba mwa ziwiri zija. Ngati ukudwala, chira kaye, sukulu idikire. Nkhani zikuluzikulu sitigamula mutu uli wolemera chotero.

Chachiwiri ndi magiredi. Ngati masapu achuluka moti ukuona kuti semesita ikubwerayi akuwida, usakhale chete kudikira chikwanje. Pita kwa mkulu wa dipatimenti yako ndi kwa oyang'anira za umoyo wa ophunzira, ufotokoze, ufunse za kusungitsa malo kapena kubwereza chaka, ndipo buku la malamulo a ophunzira uwerenge wekha, usamvere za m'makhonde a hositelo. Amene wachoka ndi kalata khomo limamutsalira lotsegula. Amene wangosowa, osalemba mayeso, osatsanzika, transcript yake, pepala la magiredi ake onse, imaipa ndipo imamutsata kulikonse. Ndinali ndi mnyamata wina amene anachita zimenezi ali chaka chachitatu ngati iwe. Anangonyamula chikwama n'kukwera basi ya ku Joni osauza munthu. Atabwerera patapita zaka zinayi anafuna kupitiriza, koma panalibe pogwira. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa kalata ya tsamba limodzi ikanamusungira zonse zimene anavutikira.

Tsono ngati sukudwala ndipo magiredi akukuyendetsabe, tiye tiwerengere monga amachitira a akaunti, poti ndi kumene mtima wako uli. Ng'ombe ziwiri zija uzichotse m'buku. Zinapita. Ukatsiriza sizibwera, ukasiya sizibwera, choncho zisakhale chifukwa chokhalira m'kozi kapena chochokeramo. Ndikudziwa kuti mumtima sizichoka msanga, koma posankha timawerengera zimene zili kutsogolo. Kutsogoloko kuli chiyani? Mbali ino masemesita atatu, kenako digiri m'manja. Mbali inayo, ukasinthira ku digiri ya akaunti, makozi ako a genetics ndi physical chemistry alibe ofanana nawo kumeneko, ndiye kuyambiranso pansi, zaka zinayi zatsopano za fizi, lendi ndi chakudya. Ngongole ya Loans Board sifufutika chifukwa choti munthu wasiyira panjira. Idzafunika kubwezedwa, kaya uli ndi pepala kaya ulibe. Ukanandilembera uli semesita yoyamba ya chaka choyamba, ndikanakuuza kuti thamanga ku ofesi ya Registrar ukafunse zosintha kozi lero lomwe. Koma nyumba yako yafika pa lintala, yangotsala denga. Yotero timafolera, ngakhale titadziwa kuti mawa tidzakhala kwina.

Chimene ophunzira ambiri sauzidwa n'chakuti digiri ndi ntchito ndi zinthu ziwiri. Kupatula ntchito zochepa zimene zimafuna kozi yakeyake, monga udokotala, unesi ndi uloya, zambiri zimalandira anthu ochokera m'makozi osiyanasiyana. Tsegula nyuzipepala uone zotsatsa ntchito za m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'mabungwe omwe si aboma, uwerenge kuti ndi kangati pamene angoti digiri yochokera ku sukulu yovomerezeka. M'boma munthu wa digiri amalowera pa giredi ija amati PO (Professional Officer), pamene wa MSCE yokha amayambira pansi kwambiri, ndipo zaka ziwiri ndi theka za ku yunivesite zopanda pepala sizimukweza ngakhale sitepe imodzi. Masters, kaya ya bizinesi kaya ya zachuma, imafunsa digiri yoyamba. Mayi Angela Merkel anaphunzira physics, anatenga digiri yapamwamba ya sayansi ija amati PhD mu 1986, koma dziko limawadziwa ngati mtsogoleri wa Germany kuyambira 2005 mpaka 2021. Achinyamata amakonda kundikumbutsa za anthu otchuka amene anasiyira panjira n'kupambana. Inde alipo. Charles Darwin anasiya maphunziro a udokotala ku Edinburgh mu 1827, makalasi ankamutopetsa ndipo sankapirira kuona maopaleshoni, amene nthawi imeneyo ankachitika popanda mankhwala ogonetsa. Koma bambo ake anali dokotala wolemera. Anamutumiza ku Cambridge, ndipo anamulipirira zofunika pa ulendo wa pa sitima wa zaka zisanu umene unamutchukitsa. Iye anali ndi pogwera pofewa. Iwe pogwera pako ndi khola la bambo ako, ndipo ziwiri zatulukamo kale.

Tsopano za akauntizo. Sindikuzikayikira, koma ndikufuna uziyese pamoto, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kulemba m'buku lachikuto cholimba kuti matumba a simenti 40 alowa, 12 atuluka, a uje atenga malata pangongole, n'kokoma chifukwa zotsatira umaziona tsiku lomwelo ndipo eni shopu amakuyamikira. Ntchito yeniyeni ya akaunti ili ndi mbali yake yotopetsa ngati labu yomweyo. Kutha kwa mwezi anthu amaweruka usiku, kusakasaka K3,500 imene yasowa pakati pa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki. Pali malamulo a msonkho a MRA oti uwerenge, ndipo amasintha bajeti ikadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Choncho pempha mayi aja akulole uchite zoposa zimene ukuchita. Tsiku lina mutseke shopu muwerenge katundu yense, mpaka makilo a misomali ndi zitini za penti zimene zagona kuseri kwa shelefu. Ufananitse zimene zalowa pa Airtel Money ndi Mpamba ndi zimene zalembedwa m'buku, mwezi wathunthu. Ulembe maina a onse amene ali ndi ngongole, ndi miyezi imene ngongoleyo yagona. Kenako uwatulutsire pepala limodzi losonyeza ngati mwezi umenewo apindula kapena aluza, utachotsa lendi, magetsi, thiransipoti ya katundu ndi malipiro ako omwe. Uchite zimenezi pa pulogalamu ya pakompyuta ya Excel, osati pamanja pokha, makompyuta a kusukulu alipo. Ukadzapezeka kuti nambala yakana kugwirizana, nthawi yakwana 9 koloko usiku, koma iwe sukufuna kudzuka mpaka uipeze, dziwa kuti chimene ana ena ankamva pa dontho la pinki lija iwe wachipeza pamenepo.

Funanso munthu amene amadyera ntchitoyi. Kutchalitchi kwanu kapena kumene ukukhalako sangasowe wa akaunti wa pa kampani kapena wa ku khonsolo. Uwapemphe ukhale nawo masiku awiri atatu pa holide, makamaka kumathero a mwezi, ndipo uwafunse mafunso osakoma: anadikira nthawi yaitali bwanji asanapeze ntchito, anayamba ndi malipiro otani, chimene chimawatopetsa n'chiyani. Safunsa anadya phula. Ndikuuze zoona, a akaunti osowa ntchito aliponso m'tauni muno, monga alili a sayansi. Usinthe chifukwa ntchitoyo ukuifuna, osati poganiza kuti kumeneko ndi kofewa.

Ubwino wa akaunti ndi woti njira yake sidutsa pa digiri yokha. Mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'dziko muno lomwe linatenga ntchito imene kale inali ya PAEC, bungwe lakale la mayeso a akaunti, munthu amalemba pepala ndi pepala, kuyambira pa satifiketi, dipuloma, mpaka ukatswiri wonse, ndipo ambiri amalemba akugwira ntchito. Malawi College of Accountancy ili ndi nthambi muno mu Mzuzu. Pita ukafunse ndi pakamwa pako za makalasi, mitengo, ndi pamene munthu wa digiri ya sayansi amalowera. Iliponso ACCA, njira ina ya mayeso a akaunti ya ku Britain, yodziwika m'maiko ambiri, koma malipiro ake ndi a mapaundi, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 yakhala yolemera kwa mwana wasukulu. Imeneyo udzaiganizire ukadzayamba kulandira, pena mabwana amalipirira antchito awo. Sukulu iliyonse imene ingakukope ndi zikwangwani, yamba waona ngati ili yovomerezeka ndi NCHE kapena Malawi Accountants Board usanapereke tambala.

Koma chenjera, mapanga awiri avumbwitsa. Pepala limodzi pa nthawi, osapitirira apo, ndipo mayeso a digiri akayandikira akauntiyo izikhala kaye pansi. M'masemesita atatuwa sindikukupempha unambala wani, koma utuluke ndi giredi yosachititsa manyazi, chifukwa transcript adzaifuna ukamadzafunsira masters.

Ndipo sayansi yakoyo usaione ngati zaka zotayika. Yang'ana ntchito zimene zazungulira mzinda uno: khofi wa Mzuzu Coffee, madzi a Northern Region Water Board ochokera ku damu la Lunyangwa, matabwa a ku Chikangawa, tiyi wa ku Kawalazi, labala wa ku Vizara, mafamase, ogulitsa feteleza ndi mankhwala a mbewu, mapulojekiti a zaumoyo. Konseko ndalama zimayenda pamodzi ndi zinthu za sayansi. Wa akaunti amene amamvetsa chifukwa chake mankhwala oyeretsera madzi amatha msanga m'dzinja madzi akada ndi matope, kapena chifukwa chake mankhwala ena amafuna firiji ndipo magetsi akazima nthawi yaitali ndi ndalama yotayika, amaona m'manambala zimene anzake saona. Ngakhale kaganizidwe kake n'kapachibale. Mu chemistry unaphunzira kuti zimene zalowa mu equation ziyenera kufanana ndi zimene zatuluka, palibe atomu imene imangosowa. Debit ndi credit, mbali ziwiri za buku la akaunti, ndi mwambo womwewo. Pulojekiti yako ya chaka chomaliza uisankhe mwanzeru, ikhale ya manambala ndi ndalama m'kati, monga kuwerengera tomato amene amaola pa msika wa Mzuzu asanagulidwe ndi ndalama zimene amayi ogulitsa amataya. Kozi ya statistics uigwire ndi manja awiri. Zimenezi zidzakupatsa chokamba pa intaviyu, akadzakufunsa kuti wa biology wadzatani ku akaunti.

Kwatsala bambo, ndipo ndikuona kuti pamene pakukuwawa kwenikweni ndi pamenepa. Nkhani iyi si ya pafoni, si ya pa WhatsApp. Dikira holide, upite ku Dowa. Yamba ndi mayi kapena azakhali amene bambo amawamvera, monga timachitira ndi nkhani zolemera, kuti isawagwere ngati mphezi. Ukakhala nawo, mawu ako oyamba akhale oyankha chimene akuopa: "Bambo, sukulu nditsiriza, digiri ndibweretsa." Akamva zimenezo makutu amatseguka. Kenako uwauze kuti ntchito imene ukufuna kudzagwira ndi ya mabuku a ndalama, wayamba kale kuiphunzira, ndipo sukupempha ng'ombe ina. Za udokotala uwamasulire mofatsa, poti kozi yakoyi ngakhale ukanaikonda situlutsa dokotala wa m'chipatala. Dzinalo anakupatsa ndi chikondi, koma lisakumange miyendo. Akhoza kungokhala chete, akhoza kukhumudwa masiku angapo. Usawatsutse pa khonde pomwepo. Makolo athu akamati dokotala, kawirikawiri amatanthauza mwana amene sadzavutika ngati iwo, amene adzawagwire dzanja akadzakalamba.

Zikatero uwapemphe chinthu chimodzi: mabuku a munda wa chaka chino uwalembere ndiwe. Mukhale pansi ndi kope, akuuze matumba a feteleza amene anagula ndi mtengo wake, mbewu, aganyu opalira, ngolo yotutira, ndipo ngati ndi fodya akutulutsire sale sheet ya ku okushoni muone limodzi zimene anadula. Alimi ambiri amadziwa ndalama imene analandira, koma imene inatsala atachotsa zonse saidziwa. Uwawerengere ekala ya fodya payokha, ya soya payokha, ya mtedza payokha, kuti aone ndi maso awo munda umene ukuwadyetsa ndi umene ukuwadya. Kopelo ulisiye m'manja mwawo, uwaonetse polemba, ndipo uwauze kuti udzalionanso pa holide ya Khirisimasi, akamadzagula feteleza wobereketsa.